Uzirani

Anandivula lamba ndi zingwe za nsapato,
wotchi, mphete, makiyi a nyumba,
nazitsekera m'jumbo yolembedwa Kowalczyk,
chilembo chimodzi atachilumpha.
Sindinawakonze.
Munthu wogwirizira thalauza kuti lisavuke
saphunzitsa anzake kalembedwe.

Amati tsoka silinunkha.
Langa linkanunkha:
wapolisi analimva nditangotsitsa galasi.
Mabotolo angati, bambo? Atatu, ndinatero.
Uzirani apa.
Ndinauzira, kamakina kaja n'kunditsutsa pamaso.

M'chitolokosi cha ku Toledo nyali sizima.
Benchi yachitsulo, chimbudzi chopanda chitseko,
mnyamata pakona akuitana amayi ake chamumtima,
ndi ine, wofolera nyumba za anthu zaka makumi awiri,
ndikuyang'ana denga lomwe silidontha.

Foni ndi imodzi basi, anatero.
Loretta anayankha isanalire kawiri.
Sanafunse ngati ndili bwino.
Wagunda munthu?
Ayi.
Kenako zii,
ndinkangomva firiji yathu ikung'ung'udza kukhitchini.

Kunja kunacha kuli mbuu, chipale chofewa chitagwa.
Anabwera atavala jekete langa pamwamba pa zogonera,
nasaina mapepala osandiyang'ana.
Njira yonse wailesi inalankhula m'malo mwathu.

Kenako ndalama zinayamba kutuluka ngati nyerere:
za okoka galimoto, za kumpanda komwe inagona,
za loya wa tayi yobiriwira amene ankanditcha Wendell
ngati tinakulira limodzi,
za inshuwalansi yomwe inakwera osatsikanso.
Ndalama za mano a Josie zinapita momwemo.

Kukhoti mlandu wanga unatha mphindi zinayi.
Botolo limodzi ndinkalikhalira kuposa apo.
Woweruza, magalasi ali pansonga ya mphuno:
Mukuuvomera?
Ndikuuvomera.
Laisensi inatsala patebulo, wotsatira alowe.

Anatitsekera masiku atatu m'hotelo ya m'mbali mwa msewu,
anthu makumi awiri ndi khofi wozizira,
aliyense ndi mabotolo ake atatu.
Tsiku lomaliza kunabwera Mayi Odom.
Sanakalipe.
Anatulutsa nsapato imodzi m'chikwama,
yakumanzere, yothamangira, zingwe zili zomangabe,
naiika patebulo pakati pathu.
Ya Terrence, anatero. Inayo sitinaipeze.
Atatchula msewu, m'mimba mwanga munatentha:
womwewo anandigwirapo,
maloboti awiri kutsogolo.

Ine sindinagunde munthu.
Ndakhala ndikuwatafuna mawu amenewa,
koma sakumezeka.
Sindinagunde munthu chifukwa panalibe wowoloka. Basi.

Miyezi yotsatira ndinadziwana ndi basi ya mbandakucha,
hamala m'chikwama, zala zitauma gwaa.
Ndinadziwa kuti tauni yathu ili ndi anthu
amene ndinkangowadutsa:
wochapa zofunda kuchipatala, mlonda wobwerera kukagona,
nkhalamba yonyamula mphaka m'katoni.
Palibe anandifunsa kuti galimoto ili kuti.

Tsopano andilola kuyendetsa, kuntchito ndi kusukulu kokha.
Nambala ya galimoto ndi yachikasu, zilembo zake psuu,
kuti wa kumbuyo kwanga adziwe amene akumutsata.
Bambo Lindqvist a nyumba yoyandikana
amaiyang'ana kaye, kenako n'kundipatsa moni.
Pambali pa chiwongolero andimangirira kampope.
Injini siyaka ndisanauzire.

Dzulo m'mawa Josie ali kumpando wakumbuyo,
lamba wamanga kale, chikwama pamiyendo,
akundiona ndikukoka mpweya.
Adadi, nayo galimoto sikukhulupirirani?

Sindinathe kumuyankha,
m'kamwa munali kampope.
Ndinauzira mpaka kanalira,
tonse awiri n'kudikira,
maso pa kanyali kaja.